Phazi la a Tato, Chaka Chimene Madokotala Ananyanyala

Pafamu, Verba, Saskatchewan
17 Juni 1962

Orest, mlongo wanga,

Uli bwanji kumeneko ku Saskatoon? Nanga mlamu wanga Lorraine? Kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Tirigu wamera bwino, sizili ngati chaka chatha pamene tinakolola fumbi. A Tato, bambo ako amene ukuwaiwala aja, akadali ndi mphamvu zokalipira ng'ombe ndi ine ndemwe. Mankhwala a shuga amene unawasiyira pa Pasaka atsala pang'ono, utumize ena. Amamwa ndikawayang'anitsitsa, ndikangotembenuka amabisa m'thumba la malaya.

Chandilembetsa ndi pepala. Dzulo ndinapita kutauni, ndipo pachitseko cha Dokotala Ainsworth amatapo pepala lakuti kuyambira pa 1 Julaye atseka, sadzatsegulanso mpaka boma litachotsa lamulo latsopanoli. M'sitolo akuti madokotala onse a m'chigawo chino atero. Onse, Orest? Ndi iwe wemwe?

Ine ndine mayi wa pafamu, sukulu ndinaisiyira panjira kuti ndilere iwe, ndiye mwina nzeru zanga n'zoperewera, a Dokotala andikhululukire. Koma mmene ndamvera, lamuloli likuti banja lililonse liziponya kangachepe m'thumba limodzi, ndipo munthu akadwala azingopita kwa dokotala, boma ndilo lizilipira kuchokera m'thumbamo. Bedi la kuchipatala takhala tikulilipira motero zaka khumi ndi zisanu, ndipo sindinamvepo kuti bedi lanyanyala. Choipa n'chiyani pamenepa? Undifotokozere pang'onopang'ono ngati mmene ndinkakuphunzitsira kumanga zingwe za nsapato.

Iwe unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mwina sukumbuka bwino. Ine ndinali ndi khumi ndi zinayi. Amayi anagona masiku atatu atagwira pamimba, a Tato akungozungulira pabwalo, kumanga hatchi pangolo, kuimasula, kuimanganso. Sanali ouma mtima ayi, ankachita manyazi kuitana dokotala m'nyumba mopanda ndalama. Tsiku lachinayi anamuitana, ndipo anangofika kudzatiuza dzina la matenda amene anawapha. N'chifukwa chake unakhala dokotala, unanena wekha tsiku lolandira satifiketi lija, tonse n'kulira. N'chifukwa chakenso a Tato anaimirira muholo mwezi watha n'kunena kuti lamuloli lachedwa ndi zaka makumi awiri ndi zinayi.

Verba yagawikana pakati. Mayi Dubyk, aneba athu, alowa gulu la amayi lakuti Tisunge Madokotala Athu, akuyenda khomo ndi khomo ndi pepala loti tisaine. Akuti madokotala onse athawira ku Amereka, tidzatsala tikubereka m'khola ngati ng'ombe. Kwathu anangofika pageti, a Tato n'kuwafunsa kuti, "Mwabwera kudzabweza sefa yathu ija?" Anabwerera pomwepo. Tsopano sitikupatsana moni, ndipo sefayo ndayiiwala.

Usandiyankhe pafoni. Kapena waiwala kuti waya wathu ndi umodzi, nyumba khumi ndi zinayi? Ikangolira kawiri motalika kamodzi mwachidule, onse amanyamula, Mayi Dubyk mpaka umawamva kupuma. Lemba. Iyi ndatumiza kuofesi kwako monga mwa masiku onse, kuti mlamu asavutikenso ndi zilembo zathu za Chiyukireni n'kumaganiza kuti tikumujeda.

Ndine mlongo wako amene anakusambitsa,
Stefka

Saskatoon
24 Juni 1962

Achemwali,

Kalata yanu ndailandira, ndipo khutu langa latentha ngati kale lija mukalikoka. Ife tili bwino, Lorraine akupereka moni. Mankhwala aja ndatumiza pa basi ya Lachiwiri. Muziwaimirira mpaka ameze, kenaka atsegule pakamwa muone.

Inde, ndi ine ndemwe. Nditseka pa 1 Julaye.

Musandione ngati chilombo. Mukudziwa kuti pakhomo panga sindinabwezepo munthu chifukwa alibe ndalama. Ena amandipatsa nkhuku, wina anandipatsa thumba la mbatata zowola theka, ena amangoti zikomo, ndipo ndimagona tulo tabwino. Vuto si limenelo. Vuto ndi lakuti wolipira akakhala mmodzi yekha, ndiye bwana. Lero akuti azingolipira basi. Mawa mlembi wa ku Regina, amene sanagwirepo mwana wotentha thupi, adzandiuza kuti wodwala ndimuone mphindi zingati, ndi kuti mankhwala akutiakuti ndi odula, ndisalembe. Ndikakana ndikadandaule kwa yani, popeza palibenso wina wondilipira? Bedi silinyanyala, n'zoona, koma bedi siliganiza. Lamuloli analilemba osatimvera mokwanira ife amene tidzaligwirire ntchito. Inu mungalole munthu wa muofesi kuti akuuzeni tsiku lofesa tirigu?

Za amayi ndimakumbuka, musaganize kuti ndinaiwala. Ndimakumbuka nsapato za dokotala uja, zinalibe fumbi ngakhale pang'ono, ndipo ndinkangoyang'ana zimenezo chifukwa nkhope ya a Tato sindikanatha kuiyang'ana. Mwandibaya pamenepo, ndipo munadziwa kuti mundibaya.

Odwala mwadzidzidzi sitiwataya. Zipatala zina zikhala zotsegula, anzathu azisinthana kumeneko mwaulere. Chapafupi ndi inu chili mamailosi makumi asanu ndi limodzi, ndikudziwa kuti si pafupi. Koma nkhaniyi siidutsa sabata imodzi, boma ligonja. Ndamva kuti likuitanitsa madokotala kuchokera ku Mangalande kuti adzakhale m'malo mwathu. Munthu wobwera kudzadya pamene anzake akumenyera ufulu, ine ndilibe naye mawu.

A Tato muwauze kuti sindinawakwiyire pa zimene ananena muholo, ngakhale mnzanga wina anabwera ndi kanyuzipepala ka kwanuko n'kundiwerengera pamaso pa anthu, onse n'kufa nacho chiseko. Akuti, "Hawryluk, bambo ako omwe akukuchotsa ntchito." Ndinaseka nawo, ndikanatani.

Mundiuze za udzu wa ng'ombe, mwayamba kutchetcha? Akuthandizani ndani chaka chino? Asamakwere okha pangolo, zaka makumi asanu ndi awiri si masewera.

Mlongo wanu wosamva uja,
Orest

Pafamu, Verba
5 Julaye 1962

Orest,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu, ndipo ukupuma mokwanira popeza ntchito ulibe. Mankhwala anafika, zikomo.

Za ndale ndidzakuyankha tsiku lina, mayankho ndili nawo odzaza ndowa. Lero pali kanthu kena. Lolemba a Tato anaponda foloko ya manyowa m'khola, dzino limodzi linaboola jombo n'kulowa kuphazi lamanzere, pansi pa chala chachikulu. Sanandiuze. Ndinazindikira Lachiwiri pochapa, nditaona sokosi. Iwo akuti n'kabala ka mwana, athirapo parafini n'kumangapo buledi woviika mumkaka ngati mmene ankachitira makolo awo. Pabalapo pafiira, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo, patupa pang'ono, ndipo akuti sipakupweteka n'komwe. Kusapwetekako ndiko kukundiopsa, unandiuza kale za mapazi a anthu a shuga.

Dokotala Ainsworth anapita kokawedza nsomba, palibe akudziwa tsiku lobwerera. Koma ku Verba kwabwera dokotala wochokera ku Mangalande, dzina lake Tregear. Anthu a kopaletivi amutsegulira kachipatala m'chipinda cha kuseri kwa holo, ndipo mashelefu ake anakhoma ndi a Tato omwewa sabata yatha. Ndinati tiyeni akakuoneni. Orest, ndinalakwa ine. Kalata yako ija ndinawawerengera yonse, ndi mawu aja akuti munthu wotere ulibe naye mawu.

Akuti, "Ine ndikalowe mmenemo mwana wanga atatseka chitseko? Kuti mawa alembe m'nyuzipepala kuti bambo wa dokotala wonyanyala wachiritsidwa ndi dokotala wa boma? Ndinamuchititsa kale manyazi kamodzi, zakwana."

Ndinati, "Nanga si inu munkalifuna lamuloli?"

Akuti, "Ndikulifunabe. Lamulo ndi la anthu onse, phazi ndi langa."

Ndinatchula chipatala chakutali chija. Akuti kumeneko kuli anzako, akakuseka kuti mdala wa lamulo uja wabwera chokwawa. Akuti phazi ili adzaligwira ndi Orest yekha, sitalaka ikatha, si wanena yekha kuti siidutsa sabata?

Foni andiletsa, akuti Mayi Dubyk akamva m'mawa, madzulo ili pa wailesi. Telegalamu nayo imadutsa m'manja mwa mlamu wawo wa kusiteshoni, amene pakamwa pake n'poposa pawo. Ndiye ndatsala ndi pepalali. Ndiuze chochita. Kapena lemba mzere umodzi wokha wakuti, "Tato, pitani kwa Tregear," apita. Angamvere iwe yekha.

Wa lole ya mkaka abwera ndi makalata Loweruka, ndikhala ndili pageti.

Stefka

Pafamu, Verba
9 Julaye 1962

Orest,

Moni ndikukupatsa chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero, koma ndakwiya nawe.

Loweruka wa lole anabwera chimanjamanja. Dzulo foni italira ndinati basi wawerenga, ndinathamanga kuchokera kukhola la nkhuku mpaka mazira awiri anasweka. Ndinapeza a Tato anyamula kale, atakhala pampando, phazi lili m'beseni la madzi amchere. Unawamva wekha: "Tili bwino, udzu tikutchetcha, usataye ndalama pafoni." Nditatambasula dzanja anandiyang'ana ndi diso lija ukulidziwa, n'kudula. Ndinawafunsa kuti wati chiyani, akuti wafunsa za mvula. Za mvula, Orest! Kapena unaopa makutu a pawaya? Ngati ndi choncho ndakumvetsa, koma lemba.

Udzu sitikutchetcha. Theka wagona m'dambo, theka ukadali chiimire. Jombo yakana kulowa. Kutupa kwafika pa akakolo, ndikadinikiza ndi chala pamatsala dzenje. Chala chachikulu chasintha mtundu, chikuoneka ngati chiwindi. Pali mzere wofiira umene ukukwera kumwendo, dzulo ndinalemba ndi pensulo pamene unalekezera, lero wadutsa ndi zala ziwiri. Thupi likutentha, madzi akumwa ngati ng'ombe, koma chakudya akungotolatola. Ndinawaphikira pirohi za tchizi, zija amati angadzuke nazo m'bokosi, anadya ziwiri n'kukankha mbale.

Lero ndinayesa njira ina. Ndinati, "Tato, tinene kuti tikupita kukagula mchere wa ng'ombe, tikalowere khomo la kumbuyo." Akuti, "Ku Verba kuli khomo la kumbuyo? Ukayetsemula kuseri kwa holo, amakuyankha kusiteshoni." Ndinaseka, kenaka ndinatuluka kukalirira kuchitsime kuti asandione.

Ndakhala ndikuganiza kuti mwina wandikwiyira chifukwa ndinatchula amayi. Ngati ndi zimenezo, pepa, ndagwada pansi. Lamulo likhale loipa monga ukunenera, ndisaina ngakhale pepala la Mayi Dubyk. Koma ukwiyire ine, osati phazi la bambo ako.

Stefka

Pafamu
12 Julaye

Orest,

Lero ndilibe moni. Zala ziwiri zada bii. M'chipinda mwayamba fungo, ndatsegula mawindo onse. M'mawa anandiitana dzina la amayi, kenaka anazindikira n'kuyesa kuseka. Ndinati ndikukaitana a Dubyk ndi lole yawo, anandigwira mkono mwamphamvu n'kuti ndikatero ndisadzawatchulenso kuti bambo. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu sindinawanyozerepo mawu, sindikudziwa poyambira. Ndikungozungulira pabwalo ngati iwo chaka chija. Ndinkadabwa kuti munthu angatero bwanji, lero ndadziwa.

Bwera.

S.

Saskatoon
12 Julaye 1962

Achemwali,

Muli bwanji? Ndafunsa ngakhale ndikudziwa kuti nanunso mwandinyanyala. Masabata awiri ndi theka opanda kalata, inu amene mumalemba ngakhale nkhuku ikangosiya kuikira! Lamlungu ndinaimba dala kuti ndimve mawu anu, koma munatuma a Tato. Chabwino, ndamva. Ndinasangalala kuti ali bwino ndipo udzu ukuyenda.

Dzulo tinali ku Regina, kumsonkhano wa pabwalo la nyumba ya malamulo. Ankati kubwera anthu osawerengeka, koma amene anabwera ankawerengeka bwinobwino. Ambiri anali amayi amantha, ofuna dokotala wawo abwerere basi, ndipo ndinawamvera chisoni. Koma ena ankakuwa mawu otukwana madokotala obwera, mawu amene ankatitukwana nawo ifeyo kusukulu chifukwa cha mayina athu. Ndinaima pakati pawo ndikudzifunsa kuti kodi anzanga ndi amenewa? Ndikukhulupirirabe kuti tili ndi mfundo, achemwali, koma sabata imodzi ija yasanduka awiri, ndipo mtima wayamba kulemera.

Ndikuuzeni chimene sindinauze munthu. Kuofesi sindinapondeko chitsekere. Tsiku lachitatu ndinapita kuti ndikatenge makalata, ndili pakona ndinaona mayi wina atakhala pamasitepe, mwana ali pamiyendo, mwana amene ndinamubadwitsa ndine. Ankangoyang'ana pepala la pachitseko ngati lisintha mawu. Ndinabwerera ngati mbala, ndipo sindinayesenso. Makalata azingogwera mkati pa kabowo kaja, ndi a makampani a mankhwala okhaokha, adikira.

Lorraine akuti ndikumusowetsa mtendere m'nyumba, ndakonza kale mipando yonse, ngakhale yosathyoka. Mukafewa mtima mundilembere, ngakhale kunditukwana. Ndasowa munthu wondikoka khutu.

Mlongo wanu,
Orest

Pafamu, Verba
19 Julaye 1962

Orest,

Iyi ndatumiza kunyumba kwako, adiresi ndalemba ndi zilembo zazikulu. Moni kwa iwe ndi kwa Lorraine. Umuuze kuti ndinamulakwira zaka zonsezi, ndi munthu.

Kuchipatala tinakhala pabenchi limodzi masiku awiri osayankhulana, iwe ukuyang'ana pansi, ine khoma. Unafunsa kamodzi kuti zinayenda bwanji, ine ndinanyamuka n'kutuluka. Ndikuyankha tsopano.

Kalata yako inabwera ndi lole ya mkaka Loweruka. Nditafika pa mawu akuti makalata azingogwera mkati, ndinakhala pansi pageti pomwepo. Masiku onsewa ndinkakutukwana mumtima kuti wawerenga n'kukhala chete, chonsecho iwe sukudziwa kanthu. Makalata anga atatu ali kuseri kwa chitseko chako, Orest.

Ndinalowa m'nyumba n'kupukusa foni. A Tato anakuwa ali pabedi kuti ndisayerekeze, ine ndinati, "Tato, mudzandikane mutachira." Inali nthawi ya nkhomaliro, aliyense ali m'nyumba, ndipo ndinamva mafoni akunyamulidwa mmodzimmodzi mpaka waya wonse unadzaza mpweya wa anthu. Anayankha ndi Lorraine, akuti uli kumsonkhano. Ndinanena zonse m'Chingerezi changa chothyokathyoka, za foloko, za zala zakuda, za fungo, ndi chifukwa chimene akukanira dokotala. Lorraine asanayankhe panamveka mawu ena.

"Stefka, chitsiru iwe, masiku khumi ndi awiri?" Anali Mayi Dubyk. "Ine ndimadabwa kuti mdalayo sakuoneka m'dambo! Ika foni pansi ukawaveke malaya." N'kukuwira amuna awo: "Wasyl! Siya supuyo, kalize lole!"

Kenaka a Halvorsen a kopaletivi, amene sanayankhulane ndi a Dubyk chiyambire Meyi: "Ine ndikubwera ndi matiresi."

Wina akuti mudzere njira ya kutchalitchi, inayo ili ndi matope. Wina akungolira. Lorraine anangoti, "Ndikukamutulutsa mumsonkhanomo ndi kolala," n'kudula.

Anawanyamula amuna anayi, iwo akutukwana m'zinenero zitatu. Mayi Dubyk, eni ake a pepala lija, ndiwo anati tiyambe kwa Tregear chifukwa ndi pafupi. A Tato akuti, "Inuyo, mayi?" Iwo akuti, "Khalani chete, Prokop, ndale tidzapitiriza mukadzakhala ndi mphamvu zonditukwana bwino." Tregear ndi kamunthu kochepa thupi, kotopa, kolephera kutchula dzina lathu. Anamasula nsanza, anayang'ana nthawi yaitali, ndipo sananene mawu oipa ngakhale amodzi za iwe kapena za sitalaka. Anawabaya jekeseni n'kukwera nafe kumbuyo kwa lole mamailosi onse aja, atagwira botolo la madzi olowa m'mitsempha m'mwamba mpaka mkono ukunjenjemera. Pachipatala mnzako wa opaleshoni uja sanamupatse dzanja Tregear, koma anamvetsera zonse zimene ananena. Zotsalazo unaziona wekha. Mwendo anaudula pansi pa bondo.

Dzulo anadzuka bwinobwino, anamwa phala, anafunsa za udzu. Udzu akutchetcha a Dubyk ndi a Halvorsen, akukangana za lamulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, wina pamwamba pa ngolo wina pansi. Sefa ija yabwera, muli mazira.

Sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani. Ndayesa iwe, ndayesa boma, ndayesa a Tato, koma mkwiyo ukungobwerera kwa ine, amene foni inali pakhoma panga masiku onsewo. Ndinaopa manyazi kuposa imfa. Ndine mwana wa bambo anga ndithu.

Mlongo wako,
Stefka

Kuchipatala
25 Julaye 1962

Orest, mwana wanga,

Akulemba ndi Stefka, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asawonjezere mchere. (Sindiwonjezera. S.)

Ndili bwino. Anamwino akuti ndine wovuta, ndiye kuti ndachira. Tamva pa wailesi kuti mwagwirizana ndi boma, lamulo likhala, inunso mwapatsidwa zina zimene munkafuna. M'chipinda muno tilimo asanu ndi mmodzi, ndipo aliyense akuti mbali yake ndiyo yapambana. Ine ndati chabwino, bola zitseko zitseguke.

Ndinakuona pamene unabwera, unkayenda ngati munthu woba nkhuku. Leka zimenezo. Mwendo unali wanga, foloko yanga, khola langa. Mwendowo unayenda kuchokera kudziko lakale mpaka kuno, unalima zaka makumi asanu, unatopa. Ndiponso bala lija linali la masiku atatu okha, linangothamanga chifukwa cha shuga, ngakhale ukanakhala pakhomo sukanachitapo kanthu. (Ndalemba monga anenera. S.)

Tsopano tamvera. Ukakatsegula ofesi ukapeza makalata a mlongo wakoyu. Usawatsegule. Ndi zolongolola basi, za nkhuku ndi za Mayi Dubyk, ukudziwa mmene amalembera akakwiya. Uwaponye pamoto. Ndalamula ine bambo ako, ndipo undiyankhe kuti watero.

Wa ku Mangalande uja anabwera kudzandiona Lachiwiri. Manja ake ndi ozizira, koma ndi dokotala. Ukadzabwera udzamupatse moni, ndi liwu limodzi lokha, silidzakuthyola lilime. Undibweretsere fodya wa m'kaliwo, kuno akundimana.

Bambo ako,
Prokop Hawryluk

Saskatoon
31 Julaye 1962

Achemwali,

Moni. Iyi musawawerengere.

Ndatsegula dzulo. Chitseko chinkakana, makalata anali ataunjikana kuseri, ndinachita kukankha ndi phewa. Anu anali pakati pa mapepala otsatsa mankhwala. Ndinakhala pansi pomwepo, chipewa chili kumutu, n'kuwawerenga motsata masiku.

Munalemba bwino, achemwali, kuposa ophunzira udokotala ambiri amene ndawaona. Simunasiye kanthu. Ndiye ndikuuzeni monga dokotala, chifukwa wina aliyense adzakunamizani pofuna kukutonthozani. Ya pa 5 ija inali ya mphindi khumi: kutsegula bala, kutsuka, jekeseni, n'kuwakalipira. Ya pa 9 inali ya sabata imodzi m'chipatala, mwina chala chimodzi. Ya pa 12 ndinaiwerenga kamodzi kokha. Mzere umodzi umene munapempha uja ndikanaulemba. Ndikanaulemba tsiku lomwelo, sitalaka kapena ayi. Ndikufuna mudziwe zimenezo, ngakhale sizibweza kanthu. Mlandu musausenze nokha, tigawane, ndipo gawo lalikulu mundisiyire ine.

Za lamulo musandifunse panopa. Zina zimene ndinkaopa ndikuziopabe, ndipo mwina tidzakangana mpaka mano adzathe. Koma lero odwala anadzaza mpaka pamasitepe, ndipo palibe amene anayamba ndi kupepesa kuti wabwera wopanda kanthu. Sindinkazindikira kuti opepesa anali ambiri chotero. Bambo wina anandionetsa chotupa chimene wachisunga zaka zitatu. Ndinamufunsa kuti bwanji sunabwere, ukudziwa kuti sindibweza munthu. Akuti, "N'chifukwa chake, a Dokotala."

Tibwera Loweruka ndi Lorraine. Fodya ndagula, ndipo ndayankhula ndi munthu wopanga miyendo ku Regina, adzawayeza chilonda chikapola. Kwa Tregear ndikapita ndekha.

A Tato akudikira yankho. Muwauze kuti mwana wawo wamvera, makalata aja ndawaponya pamoto osatsegula. Muwauzenso kuti ndavomereza, linali bala la masiku atatu.

Mlongo wanu,
Orest